Tigalimoto ta rimoti tisamatayidwe chasisi ikathyoka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za tigalimoto ta rimoti tomwe achinyamata amathamangitsa kuno ku Dedza. Chasisi yake, kutanthauza chimango chapansi chomwe chimanyamula mota, batire ndi mateyala, imakhala ya pulasitiki ndiye ndi kuzizira kwathu kwa mu Juni imauma gwa, kagalimoto kakangogunda mwala basi yathyoka, anthu nkutaya pomwe mota ndi batire zili bwinobwino, zimandiwawa zedi. Anzathu kunja omwe ali ndi tigalimoto ta makampani a Tamiya ndi Traxxas amangogula chasisi ina ya aluminiyamu kapena carbon fibre (chipangizo cholimba chopangidwa ndi ulusi wa kaboni). Aluminiyamu imapindika koma umaiwongola, carbon ndi yopepuka koma mtengo wake eee. Amisiri athu osula ndowa pamsika angathe kudula aluminiyamu, kuboola mabowo molingana ndi yakale ija, batire nkuikhazika pansi kuti kagalimoto kasamagubuduke pakona. Ayeseko chonde.

Wowerenga wanu,
Dedza