Ophunzira ntchito nawonso amadya

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya achinyamata amene akumagwira ntchito miyezimiyezi osalandira ngakhale tambala, m'dzina loti akuphunzira ntchito. Ine ndine kalipentala, ndili ndi shedi yanga pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo nkhaniyi yalowa m'nyumba mwanga momwe.

Mwana wanga wamkazi anaphunzira za mahotela. Atamaliza za m'kalasi anafunika kukachita atachimenti, kutanthauza kukaphunzira ntchitoyo pamalo pogwirira ntchito penipeni, ndipo anapeza malo pa loji ina ku Senga Bay. Tinakondwera tonse. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ankadzuka tambala woyamba, kukwera kabaza mpaka pa siteji, kenako galimoto ya kunyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Kumeneko ankayala mabedi, kukolopa zipinda, kuchapa, kutsuka mbale ndi kuperekera alendo chakudya. Nthawi ya Khirisimasi, pamene anthu a ku Lilongwe amakhamukira kunyanja, ankaweruka usiku kwambiri ndipo amayi ake sankagona mpaka atamva chitseko. Thiransipoti, yunifolomu, nsapato zakuda, sopo, zonse zinkachoka m'thumba mwanga. Ndinafika pogulitsa matumba atatu a chimanga amene tinasungira mwezi wa Febuluwale. Tsiku lomaliza anamupatsa kalata yomuyamikira n'kumuuza kuti adzamuimbira foni. Sabata yotsatira, pa malo ake panalowa atsikana ena awiri a atachimenti.

Pamenepo ndi pamene maso anga anatseguka. Ngati zipinda zikuyalidwa chaka chonse ndi ana osalipidwa amene akungosinthanasinthana, ndiye kuti pali munthu amene akanalembedwa ntchito yokhazikika koma wakhala pakhomo. Mlendo amalipira chipinda mtengo wonse, samuchotsera poti bedi wayala ndi wophunzira.

Sindikunyoza kuphunzira ntchito ndi manja. Ine amene sindinaphunzire kupala matabwa m'buku, ndinaphunzira kwa mmisiri wina amene anandisunga pa shedi yake zaka zingapo. Mwana wanganso anabwerako akudziwa zambiri: kulandira mlendo wokwiya osakwiya naye, kukonza tebulo, kusunga nthawi. Ndikudziwanso kuti wophunzira amawononga. Panopa ndili ndi anyamata awiri, ndipo miyezi yoyamba ija anandiphera matabwa a mlombwa oti ndikawakumbukira mtima umandipweteka. Koma masana timadyera limodzi nsima, ndipo chitseko kapena bedi likagulidwa ndimawapatsa kangachepe. Ndimatero chifukwa ikatha miyezi itatu manja a mnyamata amakhala ayamba kundibweretsera ndalama, ndipo ine ndimadziwa, iyenso amadziwa. Ngakhale kugombe kwathu kuno, mnyamata amene wathandiza kukoka khoka sabwerera chimanjamanja, amapatsidwa ka usipa ka ndiwo. Nanga loji ya zipinda zambirimbiri, kapena bungwe loyendera galimoto zikuluzikulu, lingalephere bwanji kupereka ya thiransipoti ndi chakudya cha masana?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Ntchito yaulere angaikwanitse ndi mwana amene ali ndi womudyetsa. Mwana wanga anali ndi mnzake wochokera kwa Khombedza, mtsikana wakhama kuposa iye, amene mayi ake amagulitsa nsomba zouma. Anapirira mwezi umodzi n'kusiya, chifukwa lendi ndi chakudya zinamukanika. Lero akakapempha ntchito amamufunsa kuti anagwirapo kuti, ndipo alibe choonetsa. Choncho amene analowa ali ndi kena kake ndi amene amatuluka ndi kalata, wosauka n'kubwerera kumudzi ndi satifiketi yosagwira ntchito. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa ulendo, sopo ndi ufa zinakwera pamodzi, ndipo mabanja ambiri amene kale ankayesetsa analephereratu. Palinso nkhani ina imene makolo timaopa kuitchula: mtsikana wopanda ndalama yobwererera kunyumba, amene tsogolo lake lili m'manja mwa bwana mmodzi womulonjeza ntchito, ali pa ngozi yaikulu.

Malamulo aakulu a dziko lino, mu ndime 31, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Sanena kuti ufuluwo umayamba munthu akasiya kutchedwa wophunzira. Boma lenilenilo litayambitsa pologalamu yotumiza achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede m'maofesi ake mu 2018, linkawapatsa K80,000 pamwezi. Inali yochepa, koma inasonyeza kuti boma likuvomereza kuti wophunzira ntchito amakwera galimoto ndipo amadya. Olemba ntchito ena adzanena kuti amapereka kale 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso. Zoona, koma ndalama imeneyo siimufikitsa mwana ku Senga Bay m'mawa.

Pempho langa likupita ku ofesi ya zantchito pa boma pano ndi ku makoleji amene amatumiza anawa. Mwana asanayambe atachimenti pakhale kalata ya mgwirizano yonena kuti akhala miyezi ingati, aziweruka nthawi yanji, amene azimuphunzitsa ndani, ndipo alawansi yake ndi zingati. Aphunzitsi aziyendera ana awo kumene awatumiza, afunse mwanayo payekha, osati pamaso pa bwana. Akuluakulu a zantchito akamayendera maloji, masitolo ndi mabungwe, aziwerenga kuti olipidwa ndi angati ndipo a atachimenti ndi angati. Akapeza kuti ophunzira achuluka kuposa owaphunzitsa, afunse bwino. Ndipo miyezi ya atachimenti ikatha munthu n'kupitiriza kugwira ntchito yomweyo, alembedwe ndi kulipidwa ngati wantchito aliyense.

Mwana wanga pano amandithandiza kupaka vanishi pa shedi, foni ija sinalirebe. Mlongo wake wamng'ono akulemba Fomu 4 chaka chino ndipo mtima wake uli pa zamagetsi ku Salima Technical College. Ndamulimbikitsa, koma ndayamba kale kuwerengera kuti nthawi yake ya atachimenti ikadzakwana ndidzagulitsa chiyani.

Kholo lokhudzidwa,
Kamuzu Road, Salima