Siling'i yopendekeka izioneka pa pulani, osati pa chithunzi chokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga ojambula mapulani a nyumba pa kompyuta. Masiku ano aliyense akufuna siling'i yopendekeka, ija yotsatira denga mpaka pamwamba, m'matchalitchi, m'maloji akunyanja ngakhale pabalaza pa nyumba wamba, ndipo sindikuwatsutsa ayi chifukwa malo otentha ngati Salima, Mangochi kapena Nsanje siling'i yokwera imathandizadi, mpweya wotentha umakwera m'mwamba anthu pansi nkumapumako. Chomwe chikundiwawa ndi momwe tikuijambulira.

Ambiri akumapanga chithunzi chokongola cha 3D, kasitomala nkusangalala nkulipira, koma mukatsegula pulani yeniyeni mupeza siling'i ili fulati kapena palibiretu, sekishoni (chojambula chosonyeza nyumba ngati yadulidwa pakati) ndi imodzi yokha nayonso yodutsa pamalo posavuta. Ndiye kalipentala akafika pamene madenga awiri akumana, kapena pamene siling'i ikuchoka popendekeka kukalowa pa fulati ya mukolido, amangoganizira yekha basi, zikakhota mlandu nkukhala wa iyeyo pomwe sanapatsidwe muyezo uliwonse.

Ndikudziwa kuti mapulogalamu a pa kompyuta amene timajambulira amavutapo pa nkhaniyi. Mu Revit chida cha Ceiling chimalola kupendekeka mbali imodzi yokha ndi slope arrow (kamuvi kosonyeza mbali yopendekekera), ndiye siling'i ya mbali zinayi uyenera kuidula zidutswazidutswa kapena kuipanga ndi chida cha Roof nkuipatsa makulidwe a bodi, kenako makoma amkati uwalumikize ndi Attach Top kuti asathere m'malere. Mu ArchiCAD nayonso chida cha Slab ndi cha fulati, pamafunika cha Roof kapena cha Shell, zikavutitsitsa pali Morph imene inabwera mu 2012. SketchUp ndi yophweka kukoka nkhope iliyonse momwe ukufunira koma siikuchenjeza kuti apa bodi yalowa mu thirasi (chimango cha matabwa chonyamula denga), uyenera kudula sekishoni wekha nkuyang'anitsitsa. Zonsezi zimadya nthawi, zoona, koma ndiye ntchito imene tikulipiritsa anthuyo.

Komanso tiwerengere ndalama. Chipinda cha masikweya mita 100 siling'i yake ikapendekeka madigiri 30 imakwana pafupifupi 115, ikafika madigiri 45 ndi 141. Bodi ya 1.2 ndi 2.4 mita imaphimba 2.88, ndiye pa madigiri 30 pompo mabodi asanu kapena asanu ndi limodzi asowa kale, osawerengera zidutswa zotayika m'makona momwe amadula mopingasa, mabulandaling'i (timatabwa tokhomerapo siling'i), penti ndi misomali. Wowerengera zipangizo akatenga muyezo wa pansi chifukwa ndi umene waupeza pa pulani, mwini nyumba amadzauzidwa ntchito ili pakati kuti awonjezere ndalama, ndipo ndi mmene mitengo ya zinthu ikukwerera pano anthu amakangana zenizeni, ena mpaka ntchito kuima.

Choopsa kwambiri ndi mathirasi. Thirasi wamba imakhala ndi thabwa lapansi lopingasa lomwe limagwira kuti denga lisakankhe makoma, siling'i yopendekeka imafuna mtundu wina monga scissor truss, imene matabwa ake apansi nawonso amakhala opendekeka, komanso ring'i bimu yolimba. Pulani ikapanda kunena zimenezi pamakhala amisiri ena amene amangocheka thabwa lija kuti siling'i ikwere ngati pa chithunzi, ndipo denga lotero ndi mphepo za nthawi ya dzinja zija sindingafune mwana wanga agone pansi pake. Apa mpofunika injiniya aonepo, kompyuta siingasayinire.

Ena amati tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa popanda pulani pakati pa 1888 ndi 1891 ndipo chilipobe. Eya, koma m'busa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, ndi amisiri ake ankayamba asanja njerwa popanda matope kuti aone ngati zikugwirizana, kenako nkumanga. Kuyesa koteroko ndi komwe ifeyo tili nako pa kompyuta lero mosavuta, nanga tikukuthawiranji?

Pempho langa lipite kwa aphunzitsi a ku MUBAS ndi m'makoleji a ntchito zamanja omwe ali pansi pa TEVETA, chonde wophunzira asamakhoze ndi nyumba ya makona anayi ya siling'i ya fulati yokha, mupatseni denga lovuta alijambule mpaka sekishoni, ndipo ngati nkotheka akaime pa saiti ndi kalipentala aone momwe bodi imadulidwira. A khonsolo a mizinda amene mumavomereza mapulani, mukaona siling'i yopendekeka funsani sekishoni yodutsa pamalo povuta pomwepo ndi mtundu wa thirasi. Inunso eni nyumba musanalipire ndalama yomaliza muuzeni wojambulayo akutsegulireni modelo yake, aidule pakati muli pomwepo, muone kutalika kwa siling'i pakhoma ndi pamwamba penipeni zitalembedwa manambala.

Wojambula mapulani,
Lilongwe