Usasaine Usanaone Mawerengedwe Awo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndawerenga kalata ya akuntchito kwako imene unanditumizira. Akunena kuti kwa miyezi yambiri akhala akukupatsa malipiro opitirira amene umayenera kulandira, ndipo akufuna kuti usaine pepala lovomereza kuti ayambe kukudula mwezi ukubwerawu. Ndikudziwa kuti mtima wako uli m'mwamba, ndipo munthu akagwidwa ndi mantha amafuna kusaina msanga kuti nkhani ithe, abwana asamuone ngati wovuta. Ine ndikukupempha kuti usasaine panopa, komanso usakane mwaukali. Uwayankhe mwaulemu, polemba, kuti kalata yawo waiona, nkhaniyo ukuitenga mozama, ndipo ukupempha kuti akuonetse mmene afikira pa chiwerengero chimene akutchulacho.

Ndiyambe ndi mbali imene siikukomera, chifukwa sindikufuna kuti uyende ndi chiyembekezo chabodza. Malamulo a mayiko ambiri amati ndalama imene munthu walandira chifukwa cha kulakwitsa kwa wolipira imayenera kubwerera, ndipo kunena kuti "olakwa ndi iwowo, osati ine" pakokha sikukwanira. Mfundo imeneyi ndi yakale ndithu. Mu 1841, pa mlandu wa Kelly ndi Solari ku England, kampani ya inshulansi inalipira mayi wamasiye itaiwala kuti inshulansi ya mwamuna wake inali itatha mphamvu, ndipo khoti linati kuiwala kapena kusasamala kwa wolipira sikumulanda ufulu wofuna ndalama yake. Malamulo a ntchito a masiku ano anatsata njira yomweyo. Ku Britain, lamulo la 1996 loteteza ufulu wa ogwira ntchito limaletsa kudula malipiro popanda chilolezo, koma limapatula nkhani ya kubweza malipiro opitirira. Ku South Africa, lamulo la 1997 limalolanso olemba ntchito kufuna ndalama zimene anapereka chifukwa cholakwitsa powerengetsa. Choncho ngati zitapezeka kuti unalandiradi zopitirira, ndikufuna uvomere ndi mtima woona, pakuti munthu wodziwa kuti ndalama si yake n'kuikakamira amataya dzina lake labwino, ndipo m'mayiko ena akhoza kuimbidwa mlandu wakuba.

Komabe kuvomera kuti cholakwika chikhoza kukhalapo n'kosiyana kwambiri ndi kuvomera chiwerengero chimene munthu wina walemba. Amene analakwitsa powerengetsa malipiro ako ndi omwewo amene awerengetsa ngongoleyi, ndiye palibe chifukwa choganizira kuti ulendo uno sanaphonye. Upemphe kuti akulembere mwezi ndi mwezi ndalama imene anakulipira, imene akuti umayenera kulandira, kusiyana kwake, ndi chimene chinabweretsa kusiyanako. Iwe utenge mgwirizano wako wa ntchito, makalata onse okukweza kapena okusintha udindo, mapepala ako a malipiro ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo uyerekeze mzere uliwonse modekha. Kawirikawiri chimene ofesi ya malipiro ikuchitcha cholakwika chimakhala alawansi imene bwana wina anailonjeza, ovataimu imene unaigwiradi, kapena malipiro a udindo umene unaugwirizira pamene mwini wake kunalibe. Ngati pali kalata kapena uthenga wosonyeza kuti ndalamayo anakupatsa mwadala, ndiye kuti palibe cholakwika chilichonse, koma kuti iwo asintha maganizo, ndipo kusintha maganizo sikupatsa munthu ufulu wolanda chimene anapereka kale motsatira mgwirizano.

Uyang'anitsitsenso nkhani ya msonkho ndi penshoni, chifukwa apa ndi pamene antchito ambiri amapwetekeka osadziwa. Ndalama yopitirirayo siinafike yonse m'manja mwako, popeza gawo lina linadulidwa ngati msonkho, lina linapita ku thumba la penshoni. Akakuuza kuti ubweze chiwerengero chonse chimene chinalipo msonkho usanachotsedwe, iwe udzakhala ukubweza ndalama imene sunaigwirepo. Uwafunse momveka kuti chiwerengero chawocho ndi chiti pa ziwirizi, cha msonkho usanachotsedwe kapena cha msonkho utachotsedwa, ndipo ngati akufuna chachikulucho, akufotokozere polemba njira imene msonkho wopitirirawo udzabwerere kwa iwe.

Tsono tinene kuti cholakwika chatsimikizika. Ngakhale apo, mawu ako sanathe. Makhoti anaona kale kuti si chilungamo kulanga munthu amene analandira ndalama ndi mtima woyera, akukhulupirira kuti ndi yake, nasintha moyo wake chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho. Mu 1983, pa mlandu wa Avon County Council ndi Howlett, mphunzitsi wina anapatsidwa malipiro opitirira pa nthawi imene ankadwala, ndipo olemba ntchito analephera kuwabwezetsa chifukwa anamuchititsa kukhulupirira kuti ndalamazo zinali zake, iye n'kuzigwiritsa ntchito. Mu 1991, khoti lalikulu la ku Britain, pa mlandu wa Lipkin Gorman ndi Karpnale, linavomereza poyera kuti wolandira ndalama mosadziwa akhoza kudziteteza posonyeza kuti zinthu zinasintha pa moyo wake mwakuti kumubwezetsa kungakhale kupanda chilungamo. Chitetezo chimenechi chili ndi malire, ndipo ndikufuna uwadziwe. Kungonena kuti ndalamazo zinatha sikokwanira. Uyenera kusonyeza kuti unachita chinthu chimene sukanachita pakanapanda ndalamazo, ndiponso kuti sunadziwe kapena kukayikira kuti panali cholakwika. Kubweza ngongole imene unali nayo kale nthawi zambiri sikuwerengedwa, chifukwa ngongoleyo ukanaibwezabe.

N'chifukwa chake ndikufunsa kuti ukumbukire bwino ngati unafunsapo ku ofesi ya malipiro pamene ndalamazo zinakwera. Ngati unafunsa ndipo anakuyankha kuti zonse zili bwino, yankho limenelo ndi umboni wako waukulu kuposa wina uliwonse. Ulifunefune, ulisunge pamalo pamene si pa kompyuta ya kuntchito, ndipo ulembe tsiku ndi udindo wa amene anakuyankha. Ngati munangolankhulana pakamwa, ulembe lero zimene ukukumbukira, mutu usanayambe kusakaniza.

Chinthu china chimene chimandikhudza mtima pa nkhani zotere ndi chakuti olemba ntchito ndi amene agwira thumba. Munthu wina aliyense amene akuti uli naye ngongole amayenera kupita kukhoti, kukapereka umboni, iwenso n'kumvedwa, koma bwana akhoza kungodula pa malipiro ako, iwe n'kudzazindikira pa tsiku lolandira. Mayiko anaiona ngozi imeneyi kalekale. Pangano nambala 95 la chaka cha 1949 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, limati malipiro adulidwe pokhapokha motsatira malamulo a dziko, mgwirizano wa olemba ntchito ndi mabungwe a antchito, kapena chigamulo cha oweruza mikangano, ndipo wantchito auzidwe mmene kudulako kungachitikire ndi malire ake. Mu 2017, khoti loona za malamulo aakulu a dziko la South Africa, pa mlandu wa Ubogu, linathetsa gawo la lamulo limene linkalola boma kudula lokha malipiro a antchito ake pofuna kubweza ndalama zopitirira, ponena kuti kutero n'kudziweruzira wekha mlandu wako. Ku India, khoti lalikulu linagamula mu 2014, pa mlandu wa Rafiq Masih, kuti boma lisabwezetse ndalama zotere kwa antchito a magiredi otsika, kwa amene anapuma kale pantchito kapena atsala ndi chaka chimodzi kuti apume, ndiponso pamene kulipira kopitirirako kunachitika kwa zaka zoposa 5. Zigamulo zimenezi zimagwira ntchito m'mayiko mwawo, ndipo iwe uyenera kufufuza lamulo la kumene ukugwira ntchito, koma zikukusonyeza kuti kufunsa mafunso pa nkhaniyi si mwano.

Ndibwerere ku pepala limene akufuna usaine. Khoti lomwelo la ku India linanena mu 2016 kuti wantchito amene anasaina yekha lonjezo lakuti adzabweza ndalama iliyonse yopitirira amamangidwa ndi lonjezo lakelo. Dzanja lako likhoza kutseka makomo amene lamulo linakutsegulira. Palinso nkhani ya nthawi. Ngongole siifunidwa mpaka kalekale: ku England malire ake nthawi zambiri ndi zaka 6, ku South Africa zaka 3, ngakhale kuti tsiku loyambira kuwerenga limadalira nthawi imene cholakwikacho chinadziwika. M'malamulo a mayiko ambiri, munthu akavomera ngongole polemba, zakazo zimayambanso kuwerengedwa mwatsopano. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masabata awiri opempha kuti uwerenge mapepala ndi kufunsa nzeru ndi pempho limene bwana wachilungamo sangalikane.

Usayende wekha. Ngati uli m'bungwe la ogwira ntchito, uonetse kalatayo kwa wokuimirani, ndipo akuperekeze ku msonkhano uliwonse umene angakuitane. Ngati mulibe bungwe, ofesi ya boma yoona za ntchito kapena loya wodziwa malamulo a ntchito akhoza kukuuza malire a ndalama imene ingadulidwe pa mwezi. Ufunsenso mwakachetechete ngati pali anzako amene alandira kalata yofananayo, popeza cholakwika cha makina owerengetsa malipiro sichigwera munthu mmodzi kawirikawiri, ndipo anthu angapo akalankhula pamodzi amamveka msanga. Akakudula usanavomere, ulembe dandaulo lako motsatira ndondomeko ya madandaulo ya pantchitopo mosataya nthawi, chifukwa makhoti a za ntchito amakhala ndi nthawi yochepa yolandirira madandaulo. Usasiye ntchito chifukwa cha mkwiyo, pakuti olemba ntchito ambiri amayesa kutenga ngongole yonse nthawi imodzi pa malipiro omaliza a munthu amene akuchoka.

Zonse zikaunikidwa ndipo papezeka ndalama yoti ubwezedi, ukambirane nawo za kabwezedwe kake uli ndi bajeti yako m'manja. Uwasonyeze ndalama ya nyumba, ya chakudya, ya mayendedwe ndi ya ana, ndipo upemphe kuti azidula pang'onopang'ono, popanda chiwongoladzanja, kwa nthawi yosachepera imene cholakwikacho chinatenga. Si chamanyazi kupempha kuti gawo lina alikhululuke, makamaka ngati iwo anachedwa kuzindikira. Mgwirizanowo ulembedwe, utchule chiwerengero chonse, ndalama ya mwezi uliwonse, tsiku lomaliza, ndi zimene zidzachitike ngati ntchito itatha ngongole isanathe.

Unditumizire mawerengedwe awo akangokupatsa, pamodzi ndi mapepala ako a malipiro, kuti tiwaone limodzi usanawayankhe kachiwiri.

Ndine bambo ako okukonda.