Tisanagule maboti a asilikali, tiyambe tadziwa adzalimbana ndi chiyani

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya asilikali athu a pamadzi. Wina angadabwe kuti munthu wa ku Mulanje, kumene nyanja timangoimva m'nkhani, zamukhudza bwanji. Yankho lili pa mtsinje wa Ruo, ndipo ndifikako.

Nkhani yogula zida ikabuka, ambiri amathamangira kufunsa kuti boti lake ndi lalikulu bwanji, lili ndi mfuti yanji. Funsoli limayenera kubwera pomaliza. Okonza mapulani a nkhondo ya pamadzi amayamba ndi kulemba zoopsa zomwe zingagwe, malo ake, ndi nthawi yomwe ali nayo kuti afikepo. Kenako amalemba ntchito zoyenera kugwiridwa, ndipo boti limasankhidwa kuti likwane ntchitozo. Ukatembenuza ndondomekoyi, ndalama zimangolowa m'madzi ngakhale uli dziko lolemera. America idakonza zomanga sitima 32 za mtundu wa Zumwalt zoti zizithira mabomba pagombe, koma idamanga zitatu zokha, ndipo zipolopolo za mizinga yake zidadula mpaka adasiya kuzigula. Sitima yake ina ya nkhondo ya USS Sioux City idayamba ntchito mu 2018 n'kupumitsidwa mu 2023. Sitimazi adazikonzera nkhondo ya m'mbali mwa gombe pomwe China inkamanga gulu la sitima lomwe lero ndi lalikulu kuposa onse pa chiwerengero.

Ife zoopsa zathu n'zotani? Choyamba ndi mkangano wa malire ndi Tanzania. Dziko lathu limaima pa pangano la Heligoland la 1890 pakati pa Britain ndi Germany, lomwe lidaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa. Tanzania imati malire adutse pakati pa nyanja. Mkanganowu udakula mu 2012 chifukwa cha chilolezo chofufuza mafuta chomwe boma lidapereka ku kampani ya Surestream, ndipo zokambirana zomwe adatsogolera mtsogoleri wakale wa Mozambique a Joaquim Chissano sizidathetse nkhaniyi. Sindikulosera nkhondo ayi, ndipo kupikisana ndi Tanzania pogula zida kungakhale kudzivutitsa pachabe. Pa mkangano ngati uwu chimene chimawerengedwa n'chakuti ndani amaoneka pamadzipo tsiku ndi tsiku, ndani amapulumutsa asodzi akatayika, ndani amalemba maboti odutsa. Amene sapezekapo, mawu ake amapepuka pa tebulo la zokambirana.

Tsono taonani mtunda. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560. Likulu la asilikali a pamadzi lili ku Monkey Bay, kummwera, pomwe madzi okanganiranawo ali kumpoto. Kuchoka ku Monkey Bay kufika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 470 mowongoka. Boti lothamanga makilomita 37 pa ola lingatenge maola oposa 12, ndipo pamenepo nyanja ili bata. Kuchoka ku Mbamba Bay ku Tanzania kufika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 60 okha. Masamu amenewa akutiuza kuti malo okhazikika ku Nkhata Bay, Chilumba ndi Likoma, okhala ndi thanki ya mafuta, makaniko ndi wailesi, ndi ofunika kuposa boti limodzi lalikulu lokocheza kummwera. Likoma ndi Chizumulu tisaziiwale, chifukwa zilumbazi zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique.

Mafuta ndiwo amapha mapulani ambiri. Injini ya petulo yopachika kumbuyo ya mahosipawa 250 imatha malita pafupifupi 90 pa ola ikamathamangitsidwa mpaka mapeto, ndipo maboti olondera amakhala ndi ziwiri. Aphungu akavomereza ndalama zogulira boti osaika za mafuta a maola oyendera pa chaka, agula chokongoletsa doko. Komanso pa maboti atatu aliwonse, yembekezani kuti limodzi lokha ndilo lili pa ntchito, lina likukonzedwa, lina lili pa maphunziro kapena pa ulendo wobwerera. Ofuna kuti malo atatu azilonderedwa nthawi zonse akunena za maboti asanu ndi anayi.

Zomwe zimagonetsa maboti n'zazing'ono zochititsa chisoni. Oyilo amafunika kusinthidwa pakatha maola 100 aliwonse. Kachipangizo ka labala kopopa madzi oziziritsira injini kamadyeka ndi mchenga, injini n'kutentha mpaka kuuma. Mafuta osungidwa m'migolo amalowa madzi, ndipo sefa ikasowa madziwo amakafika mu injini. N'chifukwa chake kulandira maboti amphatso kuchokera ku mayiko osiyanasiyana kuli ndi msampha wake: mitundu inayi ya injini ifuna mitundu inayi ya masipeya, ndipo mapeto ake amaphwasula boti lina kuti adzutse linzake. Kuli bwino mtundu umodzi, wogulidwa pamodzi ndi masipeya a zaka zingapo ndi maphunziro a amakaniko.

Maso nawo ndi chida. Radar (makina oonera zinthu zakutali) yomwe ili pa boti mamita 10 kuchokera pamadzi siingaone boti laling'ono kupitirira makilomita pafupifupi 19, chifukwa dziko ndi lozungulira. Yomweyo itaikidwa pa phiri la mamita 300 ikhoza kuyang'ana makilomita oposa 70, komwe kuli pafupifupi kupingasa kwa nyanja yonse. Mapiri otero alipo ambiri m'mbali mwa nyanja kumpoto. Mabwato osema saoneka bwino pa radar, choncho pamafunikanso madroni okhala ndi kamera, ndi asodzi omwe ali ndi nambala yoimbira akaona zachilendo. Mu August 1914, pa nyanja yathu yomweyi, sitima ya Angerezi ya Gwendolen idalemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Liuli, eni ake asanamve n'komwe kuti nkhondo yoyamba ya padziko lonse yayamba. Adaluza chifukwa uthenga udachedwa. Masiku ano Ukraine, yomwe inalibe sitima zazikulu zokwanira, idamiza sitima ya Russia ya Moskva mu April 2022, ndipo pambuyo pake timaboti toyenda popanda munthu tidakankhira sitima zambiri za Russia kutali ndi gombe lake. Boti lalikulu lodula ndilo limakhala chandamale chosavuta.

Kenako pali mwera. M'miyezi yozizira mphepoyi imautsa mafunde oti boti lopepuka lopanda denga silingatuluke, ndipo sitima ya Vipya yomwe idamira mu 1946 n'kupha anthu 145 ndi umboni wa mphamvu ya nyanjayi. Choncho pamafunika maboti awiri kapena atatu a dizilo okhala ndi chipinda, otha kugona pamadzi.

Ndabwerera kwathu tsopano. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adadula misewu ndi milatho kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Nsanje. Anthu a ku Muloza ndi m'mbali mwa Ruo adadikira thandizo madzi atawazungulira, ndipo Tanzania yemweyo adatumiza ndege za helikopita kudzatithandiza. Madzi osefukira adabwera mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023, pomwe nkhondo ya panyanja sitinaione chiyambire ufulu. Pa mndandanda wa zoopsa, ichi chiyenera kukhala pamwamba. Boti la panyanja silithandiza mu Ruo: limafuna madzi akuya, ndipo zitsa ndi matope zimathyola chopalasira cha injini. Kuno kumafunika maboti a aluminiyamu a pansi pafulati, a mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, a injini ya mahosipawa 40, okokedwa pa ngolo ndi galimoto. Asungidwe ku Mulanje Boma, ku Luchenza ndi ku Bangula mwezi wa November usanathe, pamodzi ndi majekete oyandamitsa, zingwe, mafuta ndi asilikali oti ayesererapo kale mtsinjewo, chifukwa mlatho ukaduka palibe ngolo yochokera ku Monkey Bay yomwe ingadutse.

Ndikupempha komiti ya zachitetezo ya ku Nyumba ya Malamulo kuti isanavomereze kugula boti lina lililonse, ifunse kaye maola omwe maboti alipo kale adayenda chaka chatha, ndi angati mwa iwo omwe angalize injini mawa m'mawa.

Wowerenga wanu,
Mulanje Boma