Amwali, ulendo wa ku Joni ukayandikira werengani izi

Johannesburg

Wokondedwa amwali,

Uthenga wanu uja ndaumvetsera katatu. Koyamba ndinangolumpha ndi chimwemwe kuti zaka zonsezi zatha, tionananso maso ndi maso. Kachiwiri m'pamene ndinamva bwino mawu akuti mukwera nokha, bambo a kunyumba atsala ndi ana, ndipo mtima unayamba kuthamanga. Ndiye ndati ndilembe m'malo moimba foni, kuti mawuwa muwasunge, muziwawerenga ngakhale pakati pa tchire la Tete pomwe netiweki imathawa.

Sindikufuna kukuopsezani. Amayi ambirimbiri amadutsa msewu umenewu sabata iliyonse, ena ndi ana kumsana, ndipo amafika bwinobwino. Koma ine ndinauyenda koyamba ndili mbuli, wondiuza panalibe, ndipo zina zimene ndinaona sindifuna kuti inu mukaziphunzire ndi misozi.

Chachikulu ndi ichi: munyamuka nokha, koma musakhale nokha. Mukangokwera basi pa Wenela, musanaike n'komwe chikwama pamwamba, ponyani maso. Muona amayi a geni, aja amapita kukaoda katundu mwezi ndi mwezi. Sasowa. Amakhala ndi bulangete, fulasiki ya tiyi, matumba aakulu opanda kanthu opindidwa bwino, ndipo kondakitala amamuitana ndi dzina. Apatseni moni, auzeni mosabisa kuti ndi ulendo wanu woyamba, mupemphe kuti pa boda muziyenda nawo. Kuyenda awiri si mantha, amwali. Ine amene anandipulumutsa anali mayi wina wa ku Ndirande, wamfupi, wolankhula mokalipa ngati akukangana nawe pomwe akukukonda. Dzina lake sindinalifunse n'komwe, koma mpaka lero ndimamupempherera.

Ngati mpando wanu wagundana ndi bambo amene simukumasuka naye, pemphani kusintha kukadali masana. Musachite manyazi. Ulendowu ndi wa masiku awiri, usiku magetsi a m'basi amazimitsidwa, ndipo dzanja la munthu wopanda khalidwe limayenda mumdima. Zikachitika musanong'one, musapirire poopa kuti anthu akuonani ngati wovuta. Kwezani mawu basi yonse imve: "Bambo, chotsani dzanja lanu!" Anthu otere amadalira ulemu wathu womwe uja anatiphunzitsa kunyumba, woti mkazi sakweza mawu pagulu. Ulemu umenewo muusiye pa Mwanza, mudzautenga pobwerera.

Tsopano za pasipoti, ndipo apa ndichedwapo. Kuchoka ku Blantyre kufika kuno mudutsa zipata zitatu, chilichonse mbali ziwiri. Mutuluka Malawi pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue. Mukawoloka Zambezi pa Tete mutuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Kenako Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge, pomwe mutuluka Zimbabwe, kuwoloka Limpopo, n'kulowa South Africa. Ndiye kuti zidindo ndi 6. Muziwerenge. Akangokubwezerani pasipoti pa windo, musachoke musanatsegule n'kuona ndi maso anu kuti chidindo chagwera, tsiku lake ndi lolondola. Chidindo chimodzi chikasowa, vuto lake mudzakumana nalo kutsogolo, pomwe wokuthandizani kulibe.

Pasipotiyo musapatse munthu aliyense kupatula wa imigireshoni amene wakhala kuseri kwa windo. Madobadoba sali kwathu kokha. Pa boda iliyonse muwapeza, ovala bwino, ena ndi kakhadi kolendewera m'khosi, olankhula Chichewa chosalala ngati akwanu: "Asisi, mzerewu ndi wautali, bweretsani ndikudindireni msanga." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amabwera nacho chidindo chabodza, ena amasowa ndi pasipoti yomwe, ena amaigwira mpaka muwapatse ndalama zomwe akufuna. Imani pa mzere ngakhale miyendo itupe.

Ndikuuzeni zimene ndinaona pa Beitbridge ulendo wanga woyamba. Tinafika usiku, mwezi wa Julayi, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Pa mzere kutsogolo kwanga panali kamtsikana, mwina zaka 19, kovala siketi yopyapyala ndi masilipasi, m'manja kali ndi jumbo yokha. Kankanjenjemera, maso ali uku ndi uku. Mayi wa ku Ndirande uja anakafunditsa chitenje n'kukafunsa kuti pasipoti ili kuti. Kanati ili ndi "ankolo" amene akukatengera ku ntchito, ndipo ankolowo anena kuti katsike basi, pali galimoto ina yomwe idutse njira yachidule. Kumene kakupita sikankadziwa, nambala ya munthu wokalandira kanalibe. Mayi uja sanafunsenso zambiri. Anakagwira dzanja, anaitana amayi ena atatu, n'kumuzungulira bamboyo pamaso pa anthu mpaka anatulutsa pasipoti m'thumba la jekete. Kamtsikanako kanakhala pakati pathu ulendo wonse, kakulira mwakachetechete, kakudya mandasi athu.

Njira yachiduleyo ndi ya kumtsinje, yodula mpanda usiku. Kumeneko kuli maguma-guma, zigawenga zomwe zimadikira anthu m'tchire la m'mbali mwa Limpopo. Amalanda ndalama ndi mafoni, ndipo amayi amagwiriridwa. Nthawi ya mvula madzi amakokolanso anthu, ng'ona nazo zilimo. Inu mapepala anu ndi abwino, palibe chifukwa choti mutsike mumsewu waukulu. Wina akati "tiyeni tidutse uku," ngakhale akhale transipota amene anakutumizirani ndi wachibale, yankho ndi ayi. Ndipo nkhani ya mphwanu uja munanena kuti wina wamulonjeza ntchito ya m'nyumba kunja, tikiti ndi zonse alipira yekha, mumuuze aleze mtima. Mukumbukira mu 2024 nkhani ya amayi a kwathu oposa 50 amene anavutikira ku Oman mpaka kuwathandiza kubwerera? Ambiri zinayamba chimodzimodzi, lonjezo lokoma pa foni, kenako pasipoti kulandidwa atangofika. Munthu akakusungira pasipoti wakumanga miyendo. Kwathu lamulo loletsa kuzembetsa anthu lilipo kuyambira 2015, koma mtsikana amafunika kumuchenjeza asanakwere.

Mukalowa mbali ya South Africa, onani masiku amene akupatsani. Ife a pasipoti ya Malawi timalowa opanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma nthawi zina amalemba ochepera, ndiye musangoganiza, werengani tsiku lomwe alemba. Mukapitiriza ngakhale ndi masiku owerengeka, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka, ndipo mukapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletso chake ndi zaka 5. Amene agwidwa alibe mapepala amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kudipotedwa. Akakufunsani komwe mukupita, tchulani adiresi yanga, ndakutumizirani kale. Muilembe papepala.

Inde, papepala, ndi cholembera. Foni imatha moto, imabedwa, imagwa. Nambala yanga, adiresi, nambala ya bambo a kunyumba, zonse zikhale pa kapepala kamene musunge pathupi, osati m'chikwama. Pasipoti muijambule, tsamba lija lili ndi nkhope, chithunzi chimodzi munditumizire, fotokope ina muike m'chikwama chachikulu. Tchaja ndi pawabanki zikhale m'kachikwama kam'manja. Musadalire kuti layini ya kwathu igwira njira yonse. Pamene yagwira, kapena mayi mnzanu akakugawirani intaneti, ndilembereni mawu awiri okha: "Tadutsa Tete," "Tili pa Nyamapanda." Ndikatero ndidziwa poyambira kufunsa mukakhala chete nthawi yaitali. Munditumizirenso nambala ya basi ndi ya kondakitala musananyamuke.

Ndalama muzigawe patatu. Zochepa za madzi ndi chimbudzi m'kachikwama, poti zimbudzi zambiri za m'njira n'zolipira. Zina m'kathumba ka m'chiuno, kansalu kaja timasoka tokha, pansi pa zovala. Zina pena. Musatulutse mpukutu wonse pagulu. Marandi musinthiretu kwathu, ndipo mukapeza timadola tating'onoting'ono tithandiza mu Zimbabwe. Ine anandipusitsa osintha ndalama a m'mbali mwa msewu. Mnyamata anawerenga pamaso panga bwinobwino, ndinaona ndi maso angawa, koma pondipatsa anapinda zina m'chikhatho. Ndinazindikira basi itanyamuka, theka la ndalama ya chakudya litapita. Ndinalira, osati chifukwa cha ndalama yokha, koma poona kuti ndili kutali ndipo wodandaulira palibe.

Basi ikaima, ku chimbudzi musapite nokha, makamaka usiku. Itanani mnzanu. Muloweze mtundu wa basi ndi nambala yake, chifukwa pa Beitbridge mabasi amakhala ambiri ofanana ndipo amasuntha pomwe inu muli pa mzere. Chakumwa chotsegula kale chochokera kwa munthu amene simukumudziwa, kanani mwaulemu, munene kuti m'mimba simuli bwino. Katundu wa munthu wina musamunyamulire podutsa boda, ngakhale akhale gogo wooneka womvetsa chisoni, chifukwa zimene zili m'katimo zikapezeka zoletsedwa, mlandu ndi wa amene wanyamula. Za chakudya sindikuuzani, mukudziwa kale: nkhuku yokazinga youma bwino, mbatata, mtedza, madzi ambiri. Koma juzi yeniyeni ndi masokosi musaiwale. Johannesburg ili pamtunda, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno kumaposa kwa ku Dedza.

Pali china chimene amayi sitikambirana, koma inu ndi ine tinakulira limodzi, ndinena. Mulungu aletse, koma wina akakuchitani chipongwe, kaya m'njira kaya kuno, musabise ndipo musachedwe. Mankhwala oteteza ku HIV aja amati PEP amagwira ntchito mukayamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Alipo mankhwala oletsanso mimba. Kuno kuli malo otchedwa Thuthuzela Care Centre m'zipatala zina za boma, ofanana ndi ma One Stop Centre a kwathu, komwe dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi. Ngati n'kotheka mupite musanasambe kapena kusintha zovala, chifukwa cha umboni. Nambala ya apolisi kuno ndi 10111, ndipo pa foni yam'manja 112 imagwiranso. Ofesi ya kazembe wathu ili ku Pretoria, ina ili konkuno ku Johannesburg, pasipoti ikatayika n'komwe timathamangira. Cholakwa sichikhala chanu, ndipo ine ndidzakhala pambali panu, sindidzakufunsani kuti munavala chiyani.

Mukadutsa Musina ndi Polokwane mtima uyamba kukhala pansi, tulo tibwera. Gonani, koma kachikwama kakhale pamimba, lamba wake mutakulunga padzanja. Pomwe anthu ambiri amapusira ndi pofika penipeni, atatopa, akuganiza kuti zatha. Basi ikakutsitsani pa Park Station, anyamata adzakuthamangirani, wina kugwira chikwama, wina "taxi, mama, taxi." Musayankhe, musatuluke panja pa siteshoni. Misewu yozungulira pamenepo, cha ku Joubert Park ndi Hillbrow, si yoyendamo mlendo ali ndi katundu kumutu ndi foni m'manja. Foni amatsomphola ngati kabawi atola mwanapiye. Khalani m'kati, pafupi ndi alonda ovala yunifolomu kapena pamodzi ndi amayi munayenda nawo aja, mpaka mundione. Wina akabwera n'kunena kuti ndamutuma ine, ndi bodza. Sindituma munthu. Ndapempha kale tchuthi kuntchito tsiku limenelo, ndipo basi ikachedwa ndi maola khumi, monga imachitira pa Beitbridge pakadzaza, ine ndidzakhala ndili pompo.

Za kayendedwe ka m'tauni muno, matakisi ndi zizindikiro zake za zala, malo oyenda ndi osayenda, moni wa Chizulu woti muzipereka, ndidzakuphunzitsani tili limodzi, tikumwa tiyi. Simu khadi ya kuno tidzakalembetsa mawa lake, pasipoti ili m'manja.

Mundibweretsere ufa woyera pang'ono ndi usipa wouma ngati malamulo a pa boda alola, mufunse kondakitala musanagule. Ana muwapsompsone, mayi muwauze kuti mwana wawo ndimusamala ngati mmene ankandisamalira ine tikachoka kusukulu njala itatipweteka. Ndidzavala chitenje chobiriwira chija munandipatsa pa chinkhoswe chanu, kuti musavutike kundifunafuna pagulu.

Ndine mnzanu wa kalekale,
amene akuwerenga masiku.