Ulendo wa ku Rocamadour uja wapsa

Abale ndi alongo nonse a m'gulu lino, ulendo uja wapsa tsopano, tikupita ku Rocamadour Loweruka likudzali ndipo basi inyamuka m'mamawa ndiye chonde tisunge nthawi.

Kamudzi kameneka kali m'chigawo cha Lot ku France, nyumba ndi matchalitchi anazimanga chomatirira kuthanthwe pamwamba pa chigwa cha Alzou, kungokaona kokha mtima umachita kuti myaa. Kuti mukafike komwe kuli chifanizo chakuda cha Amayi Maria pali masitepe 216, koma amayi ndi abambo athu amene maondo amavuta musade nkhawa chikepe chilipo.

Masana tilowera kuphanga la Gouffre de Padirac, apa ndiye musaphonye ayi, mumatsika mamita 103 pansi pa nthaka mpaka kukapeza mtsinje n'kukwera bwato m'phanga momwemo, madzi akudontha pamutu, ndipo kumazizira madigiri 13 chaka chonse olo kunja kutenthe bwanji. Tengani juzi ndi nsapato zosaterera.

Amene muli ndi ana mutha kukaona anyani ku Forêt des Singes. Kamba aliyense atenge wake. Ndalama perekani kwa a msungichuma pofika Lachitatu kuti tiguliretu matikiti a kuphanga aja.