Mabwana aphunzire kumvetsera antchito awo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za utsogoleri m'malo a ntchito, pakuti kuno ku Salima ndaona mabwana ambiri amene amayesa kukalipa ndiko kutsogolera.

Pa malo ena ogona alendo ku Senga Bay, kumene ndinagwirako ntchito, mkulu wathu ankatumiza ndondomeko ya ntchito pa WhatsApp pakati pa usiku, ndipo tsiku lina anadzudzula mayi wophika pamaso pa alendo chifukwa chambo chinachedwa, osafunsa n'komwe kuti magetsi anazima nthawi yanji. Mayiwo anangopinda manja n'kunena kuti, "Pepani, bwana," koma mwezi usanathe anasiya ntchito, luso lawo lonse n'kupita nalo.

Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limaletsa kuchotsa wantchito pa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza, komatu ine ndikuona kuti kumvetsera sikuyenera kudikira tsiku la mlandu. Bwana azikhala pansi ndi antchito ake sabata iliyonse, azidzudzula wolakwa kumbali, ndipo azifunsa alonda ndi osesa omwe zimene zikuwavuta, chifukwa iwowa ndi amene amayamba kuona pamene denga likudontha.

Wowerenga wanu,
Salima